Kodi Kamera Ndi Yofunika Bwanji Pogula Kapena Posintha Foni? Mafunso ndi Mayankho

Munthu amene akufuna kugula foni masiku ano amamva za kamera asanamve za china chilichonse. Pa bokosi la foniyo, pa zikwangwani za m'mbali mwa misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ngakhalenso pakamwa pa wogulitsa, nambala imene imatchulidwa mobwerezabwereza ndi ya ma megapixel, ndipo anthu ambiri amatulutsa ndalama zawo atakopeka ndi nambalayo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafoni inakwera kwambiri, moti munthu akasankha molakwika amavutika ndi foniyo kwa zaka, chifukwa kupeza ndalama zogulira ina si kwapafupi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ogula amafunsa kawirikawiri.

Kodi kamera ndiyo ndiyenera kuyang'ana poyamba?

Kwa anthu ambiri yankho ndi ayi. Foni imagwira ntchito tsiku lonse poimbira, potumizira mauthenga pa WhatsApp, polandirira ndi kutumizira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pomwe kamera imatsegulidwa kwa mphindi zochepa chabe. Foni yokhala ndi kamera yabwino koma batire lake lotha pofika masana, m'dera limene magetsi amathimathima, imakhumudwitsa mwini wake tsiku lililonse. Chimodzimodzinso foni imene RAM yake, malo amene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu otsegulidwa, ndi yochepa: mumadina kamera, foni n'kuyamba kuganiza kaye, ndipo pamene kamerayo ikutseguka mwana amene mumafuna kumujambula akuseka wathawa kale.

Choncho yambani mwaona batire, limene pa mafoni ambiri amakono limakhala la 5,000 mAh, kenako RAM, malo osungiramo zinthu ndiponso zaka zimene kampani yalonjeza kuti idzakhala ikukonzanso mapulogalamu a foniyo. Zimenezi zikakhala bwino, ndalama zotsalazo ndi zimene muyenera kulingalira pa nkhani ya kamera. Izi zimasintha pokhapokha ngati zithunzi kapena makanema ndiwo amakudyetsani.

Kodi ma megapixel akachuluka ndiye kuti zithunzi zikhala zabwino?

Ayi, ndipo apa m'pamene ogula ambiri amapusitsidwa. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Chithunzi cha ma megapixel 12 chimakhala ndi timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Chimenechi n'chokwanira kusindikizidwa pa pepala lonse la A4 n'kuoneka bwinobwino, popeza pepala lotero limafuna ma megapixel osapitirira 9. Sikirini ya Full HD imaonetsa ma megapixel awiri okha, ndipo ya 4K imaonetsa asanu ndi atatu ndi pang'ono. Ndiye kuti nambala imeneyi imanena za kukula kwa chithunzi, koma sinena kalikonse za kuwala kwake, mitundu yake kapena ngati nkhope ya munthu ikuoneka monga mmene ilili.

Mbiri ya mafoni imachitira umboni zimenezi. Kampani ya Nokia inatulutsa foni ya 808 PureView yokhala ndi ma megapixel 41 kalekale mu 2012. Kampani ya Apple inakhala pa ma megapixel 12 kuyambira pa iPhone 6s ya mu 2015 mpaka pa iPhone 13 ya mu 2021, ndipo zithunzi zake zinkapambana za mafoni ambiri amene ankalengeza 48 kapena 64.

Palinso chinthu china chimene ogulitsa satchula. Mafoni olembedwa 48, 50, 108 kapena 200 sajambula ndi nambala yonseyo mukangotsegula kamera. Amaphatikiza timadontho tinayi, tisanu ndi tinayi kapena 16 kukhala kadontho kamodzi kuti kagwire kuwala kokwanira, ndipo chithunzi chimene chimasungidwa chimakhala cha ma megapixel 12 kapena kupitirirapo pang'ono. Ngakhale Galaxy S23 Ultra ya mu 2023, imene ili ndi ma megapixel 200, imachita zomwezo ngati simunailamule kuti ijambule ndi onse. Njira yophatikizayi ndi yabwino ndithu, vuto n'lakuti wogula amaganiza kuti walipirira zithunzi zoposa za mnzake kanayi pamene kusiyana kwake n'kochepa.

Nanga chimene chimachititsa kuti kamera ikhale yabwino n'chiyani?

Kujambula ndi ntchito yogwira kuwala, ndipo kachipangizo kamene kamagwira kuwalako kamatchedwa sensa. Sensa ikakhala yaikulu imagwira kuwala kochuluka, monga mmene beseni lotcheredwa pa mvula limadzazira madzi ambiri kuposa kapu pa nthawi yofanana. N'chifukwa chake mafoni awiri onse olembedwa ma megapixel 50 amatha kutulutsa zithunzi zosiyana kutalitali madzulo: ina ili ndi sensa yaikulu, inayo ili ndi kasensa kakang'ono kotchipa. Kukula kwa sensa kumalembedwa ngati 1/2.8 kapena 1/1.5, ndipo nambala ya pansiyo ikamachepa ndiye kuti sensayo ikukula.

Chachiwiri ndi kabowo kolowetsa kuwala pa galasi la kamera, kamene kamalembedwa ndi chilembo cha f, monga f/1.8 kapena f/2.4. Apanso nambala yaing'ono ndiyo ikutanthauza bowo lalikulu.

Chachitatu ndi OIS, njira imene galasi kapena sensa imasunthira yokha pang'onopang'ono kuti ithane ndi kunjenjemera kwa dzanja. Masana simungaone phindu lake, koma m'holo ya ukwati dzuwa litalowa, kapena m'tchalitchi cha mawindo ochepa, foni yopanda OIS imatulutsa nkhope zambuu pamene inzake ikutulutsa zooneka bwino. Ngati mukuyerekeza mafoni awiri a mtengo wofanana, ina ya ma megapixel 108 yopanda OIS ndipo ina ya 50 yokhala ndi OIS, ine ndingakulimbikitseni kutenga yachiwiriyo.

Chachinayi, chimene mwina chikuposa zonsezi masiku ano, ndi purosesa, imene ili ngati ubongo wa foni, ndi pulogalamu yokonza chithunzi. Mukadina batani kamodzi, foni yamakono imajambula zithunzi zingapo mofulumira kwambiri n'kuziphatikiza kuti ipange chimodzi. Mu 2018 kampani ya Google inadabwitsa anthu ndi njira yojambulira usiku yotchedwa Night Sight pa foni ya Pixel 3, imene inali ndi kamera imodzi yokha kumbuyo, ya ma megapixel 12. Apple inabweretsa njira yake yojambulira usiku pa iPhone 11 mu 2019. Luso limeneli silioneka pa bokosi, limaoneka pa chithunzi pokha.

Foni ya makamera atatu kapena anayi kumbuyo imaposa ya awiri?

Osati nthawi zonse. Pa mafoni otchipa, makamera owonjezerawo kawirikawiri amakhala a ma megapixel awiri, ina yojambulira zinthu zapafupi kwambiri ndipo ina yothandiza kuyeza mtunda, ndipo anthu ambiri amatha chaka osawagwiritsa ntchito. Amaikidwa makamaka kuti kumbuyo kwa foni kuoneke ngati kwa foni yodula. Makamera owonjezera amene ali ndi phindu lenileni ndi awiri: yojambula malo otambalala, imene imathandiza pojambula gulu la anthu m'chipinda chopanikizika kapena nyumba yonse muli pafupi, ndi yokoka zinthu zakutali, imene imapezeka kwambiri pa mafoni odula. Foni ikakhala yopanda kamera yokokayi, kukoka chithunzi ndi zala kumangodula mbali ya chithunzi n'kuikuza, n'chifukwa chake chimaphwanyika.

Kodi n'zoona kuti mafoni ena sajambula bwino khungu lakuda?

N'zoona, ndipo nkhani imeneyi ogula a kuno sayenera kuipeputsa. Vutoli linayamba kale mafoni asanabwere. M'zaka za m'ma 1900, malo otsukira zithunzi ankayeza mitundu pogwiritsa ntchito makhadi a kampani ya Kodak otchedwa Shirley, amene kwa nthawi yaitali ankaonetsa mzimayi wa khungu loyera, ndipo zotsatira zake zinali zakuti anthu akuda ankatuluka oderapo kwambiri, nkhope zawo zosaoneka bwino. Mapulogalamu a makamera a mafoni nawonso anaphunzitsidwa kwa nthawi yaitali ndi zithunzi zimene zambiri zinali za anthu oyera.

Taganizirani mkwati wa khungu lakuda atavala malaya oyera, ataima panja dzuwa lili paliwombo. Kamera yosakonzedwa bwino imayeza kuwala potengera malayawo, nkhope n'kusanduka mdima moti mumangoona maso ndi mano. Kapena imachita zosiyana ndi zimenezo: imawalitsa nkhopeyo mopitirira muyeso mpaka khungu limaoneka lotuwa ngati wadzola phulusa, pamene malaya aja asanduka chigamba choyera chopanda mabatani kapena mizere.

Kampani ya Transsion ya mumzinda wa Shenzhen ku China, imene imapanga mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix, inazindikira msanga vutoli n'kukonza makamera ake poganizira khungu la anthu a mu Africa, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mafoni ake amagulidwira kwambiri m'chigawo chino kuposa a kampani ina iliyonse. Mtundu wa Tecno Camon unapangidwa makamaka pofuna kukopa okonda kujambula. Google nayo inabweretsa njira yotchedwa Real Tone pa Pixel 6 mu 2021 pa cholinga chomwecho.

Komabe chenjerani ndi kamera yakutsogolo. Mafoni ambiri amabwera atayatsiratu njira yokongoletsa nkhope, imene imasalaza khungu n'kuliyeretsa, ndipo ena amaganiza kuti chimenecho ndicho chizindikiro cha kamera yabwino. Kamera imene ikusintha maonekedwe a munthu popanda iye kupempha sikumujambula bwino. Muzimitse njira imeneyi poyesa foni kuti muone zimene kamerayo imachitadi.

Popeza zithunzi zanga zambiri zimathera pa WhatsApp ndi Facebook, kodi kamera yabwino ili ndi ntchito?

Ili nayo, koma yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. WhatsApp imapanikiza chithunzi chilichonse musanachitumize kuti isawononge bandulo yambiri, ndipo chithunzi cha ma megapixel 12 kapena 50 chimakafika kwa mnzanu chitatsika kufika pa ma megapixel awiri kapena pafupi ndi pamenepo. Facebook nayo imapanikiza. Choncho timadontho tambirimbiri tija timatayika panjira. Zimene sizitayika ndi kuwala koyenera, mitundu yolondola ndiponso kusagwedezeka kwa chithunzi, ndipo zimenezi zimachokera ku sensa, OIS ndi pulogalamu. Mu Ogasiti 2023 WhatsApp inawonjezera batani la HD lotumizira zithunzi zooneka bwinopo, ndipo mukafuna kuti chithunzi chifike chonse osapanikizidwa, chitumizeni ngati chikalata, ngakhale kuti pamenepo bandulo imadyeka yambiri.

Ndi anthu ati amene ayeneradi kuwonjezera ndalama chifukwa cha kamera?

Ndi onse amene makasitomala awo amaona katundu pa chithunzi asanamuone m'manja. Telala amene amaika madiresi pa status ya WhatsApp amafunika kamera yoonetsa mitundu ya chitenje molondola, chifukwa chitenje chofiirira chikatuluka chofiira kwambiri pa chithunzi, kasitomala amadzadandaula pa tsiku lotenga. Ogulitsa zovala za kaunjika ndi nsapato pa Facebook, ophika makeke a maukwati, oluka tsitsi, amipando ndiponso othandiza anthu kupeza nyumba za lendi, onsewa chithunzi ndicho sitolo yawo. Kwa iwo ndalama zowonjezera pa kamera ndi mpamba wa bizinesi.

Gulu lina ndi la opanga makanema a pa TikTok ndi YouTube, atolankhani, ndi amene amajambula mapemphero kapena misonkhano. Kusiyana kwa foni yotchipa ndi yodula kumaonekera kwambiri pa kanema kuposa pa chithunzi, makamaka wojambula akamayenda. Koma awa asaiwale kuti anthu amapirira kanema wosaoneka bwino kwenikweni malinga ngati mawu akumveka, pomwe kanema wokongola wa mawu osokonekera ndi mphepo amamusiya pakati. Nthawi zina kamaikolofoni kakang'ono kokoleka pa kolala kamathandiza kuposa foni yatsopano.

Ophunzira ndi ogwira ntchito za m'maofesi safunika kamera yodula, koma ayenera kutsimikiza kuti kamera yakumbuyo imatha kulunjika yokha pa chinthu chapafupi. Mafoni ena otchipitsitsa alibe luso limeneli, ndipo munthu akajambula tsamba la notsi, chiphaso cha unzika kapena satifiketi yoti atumize pofunsira ntchito, zilembo zimatuluka zosawerengeka.

Kodi kamera yabwino imadya malo ambiri mu foni?

Inde, makamaka kanema. Chithunzi wamba cha ma megapixel 12 chimatenga ma megabyte ochepa chabe, koma pa iPhone mphindi imodzi ya kanema wa 1080p, kapena kuti Full HD, imatenga pafupifupi 60 MB, ya 4K imatenga pafupifupi 170 MB, ndipo 4K yojambula zithunzi zambiri pa sekondi imafika 400 MB. Foni ya 64 GB imadzaza msanga kwa munthu wokonda kujambula, chifukwa gawo lina la malowo linatengedwa kale ndi pulogalamu yoyendetsa foni komanso zinthu za m'magulu a WhatsApp. Ngati mukugulira kamera, musatsike pa 128 GB, ndipo funsani ngati foniyo imalandira memori khadi, popeza iPhone ndi mafoni ambiri odula salandira.

Foni yanga ikugwirabe ntchito. Kodi ndisinthe chifukwa cha kamera yokha?

Ngati foniyo ili ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mukufuna kugula ya mtengo wofanana ndi yakaleyo, musavutike. Makamera samasintha kwambiri chaka ndi chaka, ndipo makampani ambiri amabwezera sensa yomweyo pa foni ya chaka chotsatira n'kungosintha maonekedwe akunja. Kusiyana kooneka ndi maso kumabwera mukalumpha zaka zitatu kapena zinayi, kapenanso mukachoka pa foni yotchipa kupita pa yapakatikati. Kuchoka pa yapakatikati kupita pa yodula kwambiri kumawonjezera mtengo kuwirikiza kangapo, koma ubwino wowonjezerekawo umaonekera makamaka usiku, pokoka zakutali ndi pa kanema. Pa zithunzi za masana zoikidwa pa status, anzanu ambiri sadzazindikira n'komwe kuti mwasintha foni.

Musanasankhe, tsegulani zithunzi zimene munajambula m'miyezi yapitayi n'kuona zimene zinawonongeka. Ngati zowonongekazo ndi za usiku, za ana othamanga kapena za katundu wa malonda, muli ndi chifukwa chomveka. Ngati zambiri zili bwino, ndiye kuti chimene chikukukokani ndi kutsatsa malonda, ndipo ndalamazo mukhoza kuzisunga mpaka batire kapena sikirini itayamba kuvuta.

Chabwino n'chiti, foni yodula yogwiritsidwapo kale ntchito kapena yatsopano yapakatikati?

Tikangoyang'ana kamera yokha, foni yodula ya zaka zitatu zapitazo, monga ya mtundu wa Galaxy S kapena iPhone, kawirikawiri imaposa yatsopano ya mtengo wofanana, makamaka pa kanema. N'chifukwa chake mafoni obwera kuchokera ku Joni, ku Dubai ndi ku UK amayenda malonda. Koma pali zinthu zoyenera kuziona mosamala. Batire la foni yakale limakhala litafooka, ndipo pa iPhone mukhoza kuona thanzi lake m'makonzedwe a foniyo. Likatsika pansi pa 80 peresenti limakhala lofunika kusintha. Foni ina inagwapo n'kuikidwa kamera kapena sikirini yosakhala yeniyeni. Ina imakhala yomangidwabe ku akaunti ya iCloud kapena ya Google ya mwini wake woyamba, ndipo foni yotero musaigule ngakhale itatchipa motani, chifukwa ikhoza kukhala yakuba. Dinani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, imene ndi nambala yozindikiritsa foniyo, n'kuifananiza ndi imene ili pa bokosi.

Ganiziraninso zaka zimene zatsala kuti foniyo izilandirabe mapulogalamu atsopano. Mu 2025 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus, ndipo eni ake anatsala ndi kamera yojambulabe koma yopanda potumizira zithunzi mosavuta. Mbali inayi, Google inalonjeza zaka zisanu ndi ziwiri pa Pixel 8 ya mu 2023, Samsung inalonjeza zaka zomwezo pa Galaxy S24 ya mu 2024, ndipo ngakhale Galaxy A16, imene ndi yotsikirapo mtengo, inalonjezedwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndingayese bwanji kamera ndisanalipire?

Pemphani wogulitsa mwaulemu kuti akuloleni kujambula, ndipo wogulitsa wodalirika sakana. Musajambule pamalo owala kwambiri okhaokha, chifukwa pamenepo foni iliyonse imachita bwino. Lozetsani kamera pansi pa kauntala kapena pakona yamdima. Jambulani mnzanu ataima pakhomo kuwala kuli kumbuyo kwake, kuti muone ngati nkhope ikuonekabe. Muuzeni agwedeze dzanja pamene mukujambula. Jambulani risiti kapena pepala la zilembo zing'onozing'ono, kenako mukuze chithunzicho n'kuona ngati likuwerengeka mpaka m'makona. Pomaliza jambulani kanema wa masekondi ochepa mukuyenda ndiponso mukulankhula, n'kumumvetsera.

Chinthu chimodzi chimene chimanyenga anthu ndi sikirini. Foni ya sikirini yowala ndi ya mitundu yolimba imakongoletsa chithunzi chilichonse, choncho tumizani zithunzi zoyeserazo ku foni yanu yakale n'kuziyerekeza ndi zimene mwajambula ndi yakaleyo pamalo omwewo.

Ngati ndalama zosinthira foni palibe, ndingatani kuti zithunzi zizituluka bwino?

Yambani ndi kupukuta galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a m'manja ndi fumbi la m'thumba zimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli chifunga, ndipo magetsi a usiku amatuluka ndi mizere. Onaninso ngati kava ya foni kapena kagalasi kotetezera kamera sikanakalike. Pojambula munthu kapena katundu, kuwala kuzichokera kumbuyo kwa inu wojambula kapena cham'mbali, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa, chakumadzulo kapena pamthunzi wa khonde, osati dzuwa lili pamutu. Dinani pa nkhope ya munthuyo pa sikirini musanajambule kuti kamera iyeze kuwala potengera khungu lake. M'malo mokoka ndi zala, sunthirani pafupi. Usiku gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pathupi kapena patebulo, ndipo mukadina batani dikirani masekondi awiri kapena atatu musanatsitse foni, chifukwa pa nthawiyo imakhala ikujambulabe zithunzi zoti iphatikize.